Mawu ndi Nthabwala za ku Azeroth

 Nkhani yathu ya lero ndi ya mawu: mawu amene anthu amadzipangira okha akakhala pa ntchito imodzi nthaŵi yaitali, ndi matanthauzo oseketsa amene amawapatsa mawuwo. Chitsanzo chimene ndasankha chikuchokera kutali, ku maseŵera a pakompyuta otchedwa World of Warcraft. Ambiri a inu simunawaonepo maseŵera ameneŵa, ndipo ena mwangoona mwana kapena mdzukulu atapenyetsetsa galasi la kompyuta, akufuula yekha m'chipinda. Musatseke wailesi. Anthu amene nditi ndikambe za iwo mudzawazindikira, pakuti mudakumana nawo kale pa dima, pa mpira ndi pa uzimba.

Maseŵeraŵa adatulutsidwa pa 23 Novembala 2004 ndi kampani ya Blizzard Entertainment, ya mu mzinda wa Irvine ku California, m'dziko la America. Woseŵera amakhala pa kompyuta yake kunyumba, koma kudzera pa intaneti amaloŵa m'dziko longopeka lotchedwa Azeroth, dziko la m'nthano lokhala ndi mapiri, nkhalango, mizinda ya malinga, zinjoka zouluka ndi anthu amatsenga. M'menemo amasankha munthu wa chithunzi woti amuimire, kaya msilikali, kaya mlenje, kaya wansembe, kaya wamatsenga, ndipo amamuyendetsa, kumumenyetsa nkhondo ndi kumufunira chuma. Anthu ena zikwi zambiri amakhala ali momwemo pa nthaŵi yomweyo, yense ali kwawo, ndipo amalankhulana polemba kapena ndi pakamwa. M'chaka cha 2010 kampaniyo idalengeza kuti anthu olipira mwezi ndi mwezi kuti aziseŵera adakwana 12 miliyoni.

Khamu lotere silingakhale lopanda chinenero chake. Mawu ena adawapeza alipo kale. Liwu loti mob, limene oseŵera amatchulira chirombo chirichonse chimene akumana nacho, lidachokera ku maseŵera akale a mawu okhaokha otchedwa MUD, amene Roy Trubshaw ndi Richard Bartle adapanga ku yunivesite ya Essex ku England kuyambira m'chaka cha 1978. Bartle ankatcha zinthu zoyenda zokha m'maseŵeramo kuti mobile, ndipo anthu adangolidula liwulo. Mawu ena adabadwira mu Azeroth momwemo. Tsono chimene chiri chokondweretsa n'chakuti liwu lirilonse liri ndi matanthauzo aŵiri. Loyamba ndi la m'mabuku a malangizo, lonena chimene chinthucho chidapangidwira. Lachiŵiri ndi la oseŵera eni ake, lonena chimene chimachitika anthu akachigwira. Matanthauzo achiŵiriŵa alibe mwini. Amayenda pakamwa ndi pakamwa, akusintha pang'onopang'ono monga zirapi, choncho ndiwanena m'Chicheŵa mwa mawu anga, kutsata mtima wake.

Tiyambe ndi ntchito zitatu za pankhondo, chifukwa nthabwala zambiri zagona pamenepo. Kuti aloŵe m'phanga la zirombo, oseŵera amapanga gulu la anthu asanu. Mmodzi amatchedwa tank, dzina lotengedwa ku galimoto yankhondo ija timati kasinja. Iye amavala zitsulo, kutenga chishango, ndi kuima kutsogolo kuti chirombo chizimenya iye osati anzake. Wina amatchedwa healer, tinene kuti sing'anga, amene amachiritsa mabala a anzake nkhondo iri mkati. Atatu otsalawo ntchito yawo ndi kubaya, kuponya mivi ndi kuponya matsenga mpaka chirombo chife. Chirombocho chidapangidwa mwanzeru. Chimaŵerengera mumtima mwake amene wachikwiyitsa koposa, ndipo chimalondola yemweyo. Mkwiyo umenewu oseŵera amautcha aggro. Kumenya kumachikwiyitsa, komanso ngakhale kuchiritsa munthu amene chikumumenya kumachikwiyitsa. Choncho tank ayenera kukhala patsogolo pa onse pochiputa, apo ayi chidzatembenuka ndi kupha sing'anga, amene zovala zake n'zopyapyala.

Amenewo ndiwo matanthauzo a m'buku. Imvani tsopano a oseŵera. Tank ndi munthu amene amamenyedwa m'malo mwa anzake usiku wonse, kenaka n'kupita yekha kwa wosula zitsulo kukalipira ndalama zokonzetsera zovala zake. Aggro ndi chinthu chimene tank amasonkhanitsa movutikira, ndipo mnzake wopupuluma amachilanda m'kamphindi, n'kuyamba kuthaŵa nacho mozungulira chipinda chonse akufuula kuti amuthandize. Moto woyaka pansi, umene malangizo onse amati uupeŵe, ndiwo malo amene obaya amakonda kuimapo. Nanga sing'anga? Tanthauzo lake ndi lalifupi kuposa onse: sing'anga ndi amene walakwa. Gulu likapambana, obaya amaonetsana chiŵerengero cha mabala amene apereka. Gulu likafa lonse, chimene amachitcha wipe, maso onse amatembenukira kwa iye. Amanenanso kuti sing'anga ndi munthu amene wapha chinjoka kakhumi koma sanachionepo nkhope, popeza nthaŵi yonse maso ake amakhala pa timizere tosonyeza moyo wa anzake.

Ine ndimaona kuti matanthauzo ameneŵa amaphunzitsa bwino kuposa buku. Mlendo akaŵerenga kuti moto wa pansi umachepetsa moyo, amaiŵala msanga. Akamva anzake akuseka anthu oima pamoto, sadzafuna kukhala mmodzi wa iwo. Ndiponso nthabwala ya tank ndi sing'anga idaneneratu vuto limene kampani yomwe idadzalivomera. Kumapeto kwa chaka cha 2009 Blizzard idaika njira yoti kompyuta izisonkhanitsa yokha magulu a anthu asanu. Obaya ankadikira nthaŵi yaitali pamzere, pamene tank ankapeza gulu nthaŵi yomweyo, chifukwa ofuna ntchito yotopetsayo adali ochepa. M'chaka cha 2011 kampaniyo idayamba kupereka thumba la mphatso kwa amene avomera kugwira ntchito imene ikusoŵa anthu. Chimene oseŵera ankanena moseka chidafika pofuna malipiro.

Mkangano waukulu umabuka pogaŵana zofunkha, zimene iwo amati loot. Aliyense amene adapitapo ku uzimba akudziŵa kuti kupha nyama n'kosavuta poyerekeza ndi kuigaŵa. M'zaka zoyambirira za maseŵeraŵa, phanga lalikulu lotchedwa Molten Core linkafuna anthu 40, amene ankagwirizana tsiku ndi ola, n'kukhala pa kompyuta maola angapo. Chirombo chachikulu chikafa chinkasiya zinthu zoŵerengeka pa zala, lupanga, chipeŵa kapena mphete, ndipo ambiri ankapita kukagona chimanjamanja. Magulu ena adatengera njira ya kumaseŵera a EverQuest, a m'chaka cha 1999, yotchedwa DKP: munthu amalandira mapointi akabwera ku nkhondo, ndipo amagula nawo chinthu chikagwa. Oseŵera amati DKP ndi ndalama zimene umasunga miyezi yambiri kuti udzaone bwino chinthu chimene umafuna chikupita kwa bwenzi la mtsogoleri.

M'magulu aang'ono mumakhala maere a manambala, kuyambira 1 mpaka 100. Chinthu chikagwa, yense amasankha pakati pa need, kutanthauza kuti akuchisoŵadi, ndi greed, kutanthauza kuti angochifuna kuti akagulitse. Wonena need amapambana onse onena greed. Lamulo limeneli limadalira chilungamo cha munthu amene simukumuona nkhope, ndipo mukhoza kulingalira nokha zotsatira zake. Kwa oseŵera, need ndi "ndikuchifuna", ndipo greed ndi "ndikuchifuna koma ndiri ndi manyazi". Wotenga chinthu chosamuyenera n'kuthaŵa nacho adamupatsa dzina loti ninja, kutengera anthu obisala a m'mbiri ya ku Japan. Dzinali silinali loseketsa kwa wolitenga. M'masiku oyambirira anthu ankaseŵera ndi khamu lomwelo tsiku ndi tsiku, ndipo munthu akatchuka kuti ndi ninja ankasoŵa gulu lomulandira, monga wakuba m'mudzi waung'ono.

Amene adanyozedwa koposa pa nkhani imeneyi ndi mlenje. Malamulo a maseŵera ankamulola kugwira pafupifupi zida za mtundu uliwonse, uta, mfuti, nkhwangwa, lupanga, mkondo ndi ndodo, ngakhale kuti nkhondo yake yeniyeni inali ya mivi. Choncho alenje ena ankanena need pa lupanga limene msilikali adalilakalaka kwa masabata. Padabadwa tanthauzo lakuti chida cha mlenje ndi chirichonse chimene chagwa pansi. Mlenje amayendanso ndi chiŵeto chake, mwina mkango, mwina chimbalangondo, ndipo chiŵetocho amati ndi nyama imene ntchito yake ndi kupita kukaitana zirombo zonse zimene gulu lidazizemba mosamala. M'chaka cha 2012 kampani idasintha malamulo a zida, kotero kuti mlenje woponya mivi sadafunikirenso kunyamula lupanga pambali pa uta. Chifukwa cha nthabwala chidatha, koma nthabwalayo idatsala, ndipo idakali kunenedwa ndi anthu amene sadaone masiku akalewo.

Pali matanthauzo ena amene amaseka dziko la Azeroth lenilenilo. M'dera lina la udzu wouma lotchedwa Barrens muli nyama zofanana ndi mbidzi, zotchedwa zhevra, ndipo woseŵera amatumidwa kukatenga ziboda zinayi za nyama zimenezi. Munthu wanzeru angaganize kuti nyama imodzi ikwanira. Koma maseŵera adakonzedwa moti chinthu chofunidwacho chimapezeka mwa maere, pa nyama zina chabe, kuti woseŵera achedwe. Munthu ankapha nyama zambirimbiri, zonse zothamanga bwino ndi miyendo inayi, osapeza chiboda ngakhale chimodzi. Choncho zhevra ndi mbidzi yobadwa yopanda ziboda. M'dera la Westfall munali nguluwe zimene woseŵera ankatumidwa kukatenga ziŵindi zake, ndipo nazonso zidatchuka kuti ndi nyama zodabwitsa zokhala ndi moyo popanda chiŵindi. Kubwereza ntchito imodzimodzi kotereku amakutcha grind, liwu la Chingerezi la kupera. Amati grind ndi ntchito imene munthu amaigwira akaŵeruka ku ntchito, ndipo amalipira yekha kuti aigwire.

Nayo kampani siipulumuka. Opanga maseŵera akaona kuti mtundu wina wa ankhondo uli ndi mphamvu zopitirira, amauchepetsa mphamvu, ndipo zimenezi zimatchedwa nerf. Nerf ndi dzina la zidole zofeŵa za siponji zimene ana a ku America amaponyerana popanda kupwetekana. Liwuli lidafala m'maseŵera a Ultima Online, amene adatuluka m'chaka cha 1997, pamene malupanga adachepetsedwa mphamvu ndipo oseŵera adadandaula kuti tsopano akumenyana ndi zibonga za siponji. Tanthauzo la oseŵera n'lakuti nerf ndi chinthu chimene mtundu wa anzanga ukufunikira mwamsanga, ndipo chikagwera mtundu wanga ndi umboni wakuti kampani imandida. Momwemonso wankhondo wamphamvu zopitirira ndi aliyense amene wandipha lero. Ndipo kuchedwa kwa intaneti, kumene amati lag, ndiko chifukwa cha imfa yanga iriyonse, pamene imfa ya mnzanga imadza chifukwa cha kusadziŵa kwake.

Liwu limene ine limandiseketsa koposa ndi liwu wamba loti soon, ndiye kuti posachedwa. Oseŵera akafunsa kuti chinthu chakuti chituluka liti, kampaniyo inkakonda kuyankha ndi liwu limeneli. Anthu adayamba kulilemba ndi kachizindikiro kaja makampani amaika pa maina a katundu wawo, ngati kuti liwulo ndi chuma cha Blizzard, ndipo adalitanthauzira kuti ndi nthaŵi iriyonse pakati pa maŵa ndi kutha kwa dziko. Adali ndi zifukwa. Maseŵera ena a kampani yomweyo, Diablo III, adalengezedwa m'chaka cha 2008 koma adatuluka m'chaka cha 2012. M'chaka cha 2007 kampani idalonjeza kuti mu gawo latsopano la World of Warcraft mudzakhala nyumba yophunzirira magule. Gawolo lidatuluka m'chaka cha 2008 popanda nyumbayo, ndipo magawo otsatira adadza ndi kupita osaibweretsa. Kwa oseŵera, nyumba ya magule idasanduka dzina la lonjezo lirilonse losakwaniritsidwa. Woseŵera mmodzi alibe mphamvu pa kampani yaikulu chotere. Chimene angathe ndi kutenga liwu la kampaniyo ndi kulibweza litavala tanthauzo lina.

Nthaŵi zina dzina la munthu limasanduka liwu. M'mwezi wa Meyi 2005 padafala kanema wa gulu lina lokonzekera kuloŵa m'chipinda chodzaza ndi mazira a zinjoka m'phanga la Upper Blackrock Spire. Mazirawo amaswa munthu akawayandikira. Gululo likumveka likupangana mosamala, mpaka wina kuŵerengera ndi manambala mwaŵi wawo wopulumuka. Mmodzi wa iwo, amene munthu wake wa m'maseŵera ankatchedwa Leeroy Jenkins, adali atachoka pa kompyuta ndipo sadamve kalikonse. Atabwera adangofuula dzina lake ndi kuthamangira m'chipindamo. Anzake adamutsatira mosokonezeka, tiana ta zinjoka tidaswa tambirimbiri, ndipo onse adafa. Anzake akumukalipira, iye adayankha kuti bola ali ndi nkhuku yoti adye. Kuyambira pamenepo Leeroy ndi aliyense wothamangira m'mavuto anzake akadali kupangana, ndipo liwuli lidatuluka m'maseŵera n'kuloŵa m'nkhani za ntchito ndi za ndale m'maiko olankhula Chingerezi. Kampani nayo idalandira nthabwalayi, n'kuika dzina loti Jenkins ngati mphotho ya ulemu m'chaka cha 2008. M'chaka cha 2017 opanga kanemayo adavomera kuti adachita kuseŵera mwadala, kubwereza zimene adati zidawachitikira kale. Palibe amene adasiya kugwiritsa ntchito liwulo chifukwa cha zimenezo. Gulu lirilonse lidali kale ndi Leeroy wake, ndipo chimene linkasoŵa ndi dzina lomutchulira.

Khalidwe lotanthauzira mawu moseka silidayambe ndi kompyuta. Samuel Johnson, amene adatulutsa mtanthauziramawu wotchuka wa Chingerezi m'chaka cha 1755, adabisamo nthabwala zingapo, zina zoseka anthu a ku Scotland, zina zoseka ntchito yake yomwe. Ambrose Bierce wa ku America adalemba buku lathunthu la matanthauzo obaya, The Devil's Dictionary, limene lidatuluka ndi dzina limeneli m'chaka cha 1911. Akatswiri a kompyuta a ku yunivesite ya Stanford adayamba kusonkhanitsa mawu awo oseketsa m'chaka cha 1975. Kusiyana kwake n'kwakuti Johnson ndi Bierce adalemba okha, pamene a ku Azeroth adalemba pamodzi, anthu osadziŵana, yense kuwonjezera kapena kunola za mnzake. Pa chifukwa chimenechi ine ndimawayerekeza ndi nyimbo za pamtondo. Mayi posinja amaimba za mwamuna waulesi kapena mpongozi wolongolola osatchula dzina. Mudzi wonse umaseka, wolakwa amamva, ndipo mlandu supita kubwalo. Mtsogoleri wa gulu la anthu 40 sangakalipire aliyense payekha popanda gulu kupasuka. Akanena nthabwala ya moto, woima pamotoyo amasuntha.

Komabe mpeni womwewo umachekanso mwini nyumba. Liwu lina lofala kwambiri m'maseŵera ndi noob, lochokera ku newbie, kutanthauza wobwera kumene. Oseŵera oona mtima amadziseka okha ponena kuti noob ndi aliyense woseŵera moipa kuposa ine, ndipo woseŵera bwino kuposa ine ndi munthu wopanda ntchito ina pa moyo wake. Tanthauzo limeneli ndi labwino, chifukwa limaloza kwa wonenayo. Koma pakamwa pa ambiri liwuli ndi mwano chabe, woponyedwa kwa mwana kapena munthu wamkulu amene wangolakwitsa kamodzi pa chinthu chimene palibe adamuphunzitsa. Nthabwala ya sing'anga imakoma ikanenedwa ndi sing'anga mwini, kapena ndi gulu limene limadziŵa kuti popanda iye silingapite patali. Ikanenedwa mwaukali ndi mlendo amene simudzakumananso naye, imangowonjezera chiŵerengero cha anthu okana ntchitoyo. Makolo amene ana anu amaseŵera zoterezi, mverani mawu amene akutuluka m'chipindamo, ndipo funsani mwanayo kuti akuseka naye ndani ndipo akuseka yani. Yankho lake lidzakuuzani zambiri za anzake amene simukuwaona.

Nkhani ya mlendo ndi kufunsa kwake ikutibwezera ku Barrens, kwa mbidzi zopanda ziboda kuja. Deralo lidali lalikulu kwambiri, ndipo oseŵera atsopano ankayenda pansi mtunda wautali, popeza adali asanafike msinkhu wokwera nyama. Posoŵa chochita m'njira, ankalemba zirizonse pa malo olankhulirana a dera lonse, ndipo macheza a ku Barrens adatchuka ngati dzina la nkhani zopanda mutu. M'mudzi wa Crossroads mudali wankhondo wotchedwa Mankrik, amene ankatuma oseŵera kukafuna mkazi wake wotayika pa nkhondo. Malangizo ake adali osamveka bwino, mapu sankasonyeza malo, ndipo mtembo wa mkaziyo udalibe dzina lake pamwamba. Akulu adati safunsa adadya phula, choncho alendo ankafunsa, tsiku ndi tsiku, ola ndi ola: kodi mkazi wa Mankrik ali kuti? Ena ankayankha zoona, ena ankawatumiza kutsidya kwa nyanja. Funsolo lidasanduka moni wa m'deralo, ndipo tanthauzo lidakhazikika lakuti mkazi wa Mankrik ndi munthu wofunidwa koposa mu Azeroth monse.

Kumapeto kwa chaka cha 2009 kampani idayamba kusonyeza pa mapu malo a ntchito zotumidwa, ndipo m'chaka cha 2010 idasintha dera lonse la Barrens, ntchito ya Mankrik ija n'kuchotsedwa. Funso lidatha ntchito. Koma m'mwezi wa Ogasiti 2019 Blizzard idatulutsanso maseŵera akale aja monga adaliri poyamba, ndi dzina loti World of Warcraft Classic. Anthu amene adali anyamata ndi atsikana m'chaka cha 2005 adabwerera ali ndi mabanja ndi ntchito. Ambiri ankadziŵa bwino lomwe pamene mtembowo wagona, kummwera kwa Crossroads, pafupi ndi msewu. Atangofika ku Barrens adayamba kufunsana kuti mkazi wa Mankrik ali kuti.